Benjamin Mountfort ndi matabwa aawisi

Nyumba yaikulu isanamangidwe, munthu wina amayamba waijambula pa pepala. Amaonetsa pokhala khomo, mazenera ndi denga. Kenaka amisiri amamanga potsata cithunzico. Iyi ndiyo inali nchito ya Benjamin Mountfort.

Benjamin anabadwa m'caka ca 1825 ku England. Ali mnyamata anapita ku London kukaphunzira kujambula machalici. M'caka ca 1850 iye ndi mkazi wace Emily anakwera combo cochedwa Charlotte Jane. Anayenda pa nyanja miyezi itatu. Anafika ku Lyttelton, m'dziko la New Zealand, kutali kwambiri ndi kwao.

Kumeneko anthu anamupempha kuti awamangire chalici. Benjamin anakondwa. Koma mitengo ya dziko lacilendolo sanali kuidziwa. Amisiri anamanga ndi matabwa aawisi. Kodi munaona thabwa laliwisi likauma? Limafota ndi kupindika, ndipo pamakhala mipata. Ndi zomwe zinacitika. Mphepo ikaomba, chalici conse cinali kugwedezeka. Anthu anacita mantha kupempheramo. M'caka ca 1857 anacigwetsa.

Zinali zamanyazi ndithu. Nyuzipepala ya m'tauniyo inamunyoza. Kuti banja lace lipeze cakudya, Benjamin anagulitsa mapepala ndi mabuku m'sitolo. Anaphunzitsa anthu kujambula. Anajambulanso anthu zithunzi ndi kamera.

Koma nchito ya nyumba sanaitaye. M'tauni ya Christchurch, pafupi ndi Lyttelton, anamupatsa nchito yojambula nyumba za boma. Poyamba anamanga za matabwa, ndipo ulendo uno zinalimba. M'caka ca 1865 anamaliza cipinda ca miyala comwe atsogoleri anali kukambiranamo malamulo. Cinali ndi mazenera a magalasi amitundumitundu ndi denga lopakidwa utoto wokongola. Pambuyo pace anajambula nyumba yosungira zinthu zakale, sukulu zazikulu ndi machalici ambiri. Anayang'aniranso nchito yomanga chalici cacikulu ca pakati pa tauniyo.

Benjamin anamwalira m'caka ca 1898, ali ndi zaka 73.

M'caka ca 2011 ku Christchurch kunacitika civomezi cacikulu. Cipinda ca miyala cija cinagwa. Koma nyumba zace za matabwa zoyandikana naco sizinagwe.