Michiel de Ruyter, Mkulu wa Zombo Amene Amalinyero Anawacha Agogo

Inu amene munaphikirapo anthu pa msonkhano wa masiku atatu mudziwa mmene thumba la ufa limathera msanga. Tsopano ganizani za amuna oposa 400 okhala m'combo ca matabwa kwa miyezi, kopanda msika, kopanda citsime. Kudyetsa khamu lotere ndi kulisunga lamoyo inali mbali yaikulu ya nchito ya a Michiel de Ruyter, mkulu wa zombo zankhondo za dziko la Netherlands.

Iwo anabadwa pa 24 March 1607 mumzinda wa Vlissingen. Atate ao anali onyamula migolo ya mowa. Ali mwana anali kuzunguza gudumu pamalo opotera zingwe za zombo, ndipo pa zaka 11 analowa nchito ya panyanja. Anaferedwa akazi awiri. Mu 1652 anakwatira mai wamasiye, Anna van Gelder, nafuna kukhala pakhomo tsopano. Koma caka comweco nkhondo ndi England inabuka, ndipo boma linawaitana.

Zombo za masiku amenewo zinali kuyenda ndi mphepo. M'nyengo yozizira zinali kugona padoko, amalinyero ambiri atabwerera kwao. Kukayamba kufunda, amisiri anali kupala ndere pansi pa combo, kutseka ming'alu ndi luzi la zingwe zakale ndi phula lotentha, kumanga zingwe ndi matanga, kenaka kukweza mizinga, wonga ndi zipolopolo. Combo cao cochuka, De Zeven Provinciën, comangidwa mu 1665, cinali ndi mizinga 80.

Koma matabwa samenya nkhondo. Ku England amuna anali kugwidwa mokakamiza kuti akalowe m'zombo. Ku Netherlands munthu anali kulembetsa yekha, ndipo ambiri anali ocokera ku Germany ndi ku Norway. Motero mbiri ya kapitao inali kumtsogolera: akadziwika kuti ndi womana, combo cake cinali kucedwa kudzaza anthu.

Apa ndipo pali nkhani imene ndifuna muimvetse. Boma silinali kugula cakudya. Linali kupatsa kapitao timakobiri 7 tochedwa stuiver pa munthu mmodzi tsiku lililonse, kuti iye agule yekha. Zotsala zinali phindu lace. Mukuona kale yesero lake: gula nsawawa zofumbwa ndi batala wosasa, ndipo thumba lako lidzafufuma pamene anyamata akudwala. Ngakhale a De Ruyter analemerako ndi ndalama zimenezi, sitibisa. Koma anthu ao anali kudya.

Nanga wogula anali ndani, popeza bambo anali panyanja? Anali amai Anna. Kunyumba kwao ku Amsterdam iwo anali kukambirana mitengo ndi amalonda, kusonkhanitsa barele wa phala, nsawawa zouma, nsomba zouma, nyama ya mcere, chizi, batala ndi buledi wouma gwa, ndi kulemba zonse m'buku. Kawirikawiri boma linali kucedwa kulipira, ndipo banja linali kuyamba lataya ndalama zake. Akazi a makapitao ena anali kugwira nchito yomweyi. Mabuku a mbiri amachula maina a nkhondo, koma za amai amenewa amangodutsapo.

M'combo munali mapemphero m'mawa ndi madzulo, pakuti a De Ruyter anali munthu wa Eklesia wa Reformed, wokonda Baibulo ndi Masalmo. Malamulo anali owawa ndithu, ndipo wolakwa anali kukwapulidwa. Koma mkuluyu sanali wodzikuza. Itatha nkhondo ya masiku anai mu June 1666, mlendo wa ku France, Comte de Guiche, anawapeza akusesa cipinda cao ndi kudyetsa nkhuku zao. Amalinyero anawapatsa dzina lakuti Bestevaer, ndiko kuti agogo.

Phindu la kusamala anthu linaoneka mu June 1667. Mfumu ya England inasowa ndalama, zombo zake zazikulu zinangokocezedwa mumtsinje wa Medway, ndipo amalinyero ake anali kulandira timapepala m'malo mwa malipiro. A De Ruyter anafika ndi zombo zao, anthu ao natentha zombo zina ndi kukoka Royal Charles kupita naco kwao. Ena mwa amene anathandiza Adachi anali Angelezi omwewo, otopa ndi njala.

Pali cina cimene ife a mu Afrika sitingacilumphe. Mu 1664 ndi 1665 a De Ruyter analandanso kwa Angelezi malinga a kugombe la kumadzulo kwa Afrika, ndipo malinga amenewo anali kutumikira malonda a akapolo. Cifundo cimene anali naco pa amalinyero ao sicinaletse ulendo umenewu.

Mu 1675, ali ndi zaka 68, anatumidwa ku nyanja ya Mediterranean kukathandiza Spain polimbana ndi France. Iwo anacenjeza akuluakulu kuti zombozo zinali zocepa ndi zosakonzeka bwino, koma sanamveredwe, ndipo anapita. Ku Naples, mu February 1676, anamasula abusa 26 a ku Hungary amene anagulitsidwa kukapalasa ngalawa monga akapolo cifukwa ca cikhulupiriro cao. Pa 22 April, pafupi ndi Augusta ku Sicily, cipolopolo ca mzinga cinawaphwanya miyendo. Anamwalira pa 29 April 1676 padoko la Syracuse. Thupi lao linabwezedwa kwao, ndipo linaikidwa mu Nieuwe Kerk ku Amsterdam mu March 1677.