Sam Walton ndi Masitolo a M'matauni Aang'ono

Kale ku America eni masitolo akuluakulu ankakhulupirira kuti sitolo yotsitsa mitengo siingapindule m'tauni ya anthu ochepa. Munthu amene anatsutsa ganizo limeneli ndi Sam Walton, mbadwa ya ku Oklahoma, wobadwa m'chaka cha 1918.

Atatsiriza maphunziro a zachuma pa University of Missouri ndi kutumikira m'gulu la nkhondo, Walton anagula kasitolo ku Newport, m'chigawo cha Arkansas, m'chaka cha 1945. Madola 20,000 a mpamba wake anabwereka kwa apongozi ake. Malonda anayenda bwino kotero kuti mwini nyumbayo anaisirira sitoloyo nakana kumuonjezera nthawi ya lendi. Motero mu 1950 Walton anasamukira ku Bentonville kukayambanso.

Nzeru yake siinali yozama: kudya phindu lochepa pa chinthu chimodzi, koma kugulitsa zinthu zochuluka. Pa 2 July 1962 anatsegula Wal-Mart yoyamba ku Rogers. Chaka chomwecho Kmart ndi Target zinayambanso, koma izo zinathamangira kumizinda ikuluikulu. Walton anatsalira kumidzi kumene anzakewo ankakunyoza.

Apa ndipo pagona nkhani, awerengi. Ogulitsa katundu wa pikulitsa sankafika msanga kumadera akutaliwo, choncho iye anamanga nyumba zakezake zosungiramo katundu, namanga masitolo mozungulira nyumbazo, pa mtunda woti lole ifike tsiku lomwelo. Dera lina likadzaza, ankasunthira ku dera loyandikana nalo. Malo omangapo ankawasankha ali m'mwamba, akuyendetsa yekha kandege kake, kuyang'ana kumene misewu ndi nyumba zatsopano zikulowera. Mu 1967 masitolo anali 24. Pofika 1980 anali 276, ndipo malonda a pachaka anapitirira madola biliyoni imodzi.

Koma tisabise mawu. Mtengo wotsikawo ena anaulipira. Timasitolo tambiri ta mabanja m'matauni amenewa tinatsekedwa polephera kupikisana naye. Antchito ake ankalandira malipiro ochepa, ndipo Walton sankafuna kumva za mabungwe oimira antchito, ngakhale kuti pambuyo pake anayamba kuwagawirako phindu la kampani.

Mu 1985 magazini ya Forbes inamutchula kuti ndiye wolemera koposa mu America yense, komabe iye ankayendabe pa galimoto lake lakale la bokosi. Anamwalira ndi matenda a khansa pa 5 April 1992, patangopita masabata ochepa Pulezidenti George Bush atamupatsa mendulo ya ulemu ku Bentonville.