KADINALA JÓZSEF MINDSZENTY: MBUSA AMENE SADATHAWE NKHOSA ZAKE

Anzanga aseminale, abambo ansembe ndi inu makolo athu, ndafuna kuti m'kope lino tikumbukire wansembe wa ku Hungary amene moyo wake umandifunsa mafunso ambiri pa za unsembe umene tikuufunafunawu. Dzina lawo ndi a József Mindszenty.

Iwo adabadwa pa 29 March 1892 m'mudzi wa Csehimindszent, ndipo dzina la bambo awo lidali Pehm. Adadzozedwa unsembe mu 1915 nakatumikira kwa zaka zambiri ku parishi ya Zalaegerszeg. Pambuyo pake adasiya dzina lachijeremani lija natenga la Mindszenty, lochokera ku dzina la mudzi wawo. Mu 1944 adasankhidwa kukhala Episkopi wa Veszprém, koma chaka chisanathe boma logwirizana ndi Hitler lidawatsekera m'ndende. Nkhondo itatha mu 1945 adakhala Arkiepiskopi wa Esztergom, mtsogoleri wa Mpingo wonse wa m'dzikomo, ndipo mu 1946 Papa Pius XII adawapatsa udindo wa ukadinala.

Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya. Asilikali a Soviet Union amene adapirikitsa Ajeremani sadabwerere kwawo, ndipo chipani cha chikomyunizimu chidalanda boma modalira mphamvu zawo. Mu 1948 boma lidalanda sukulu za Mpingo. Kadinala adatsutsa poyera. Podziwa kuti adzamangidwa, adalemberatu kalata yochenjeza anthu kuti akadzamva kuti avomera mlandu, adziwe kuti kudzakhala kufooka kwa thupi chabe. Pa 26 December 1948 adamangidwadi. Adawamenya ndi kuwamana tulo mpaka adavomera milandu yabodza, ndipo pa 8 February 1949 adawalamula kukhala m'ndende moyo wawo wonse.

Pa 23 October 1956 ophunzira a mu mzinda wa Budapest adaguba m'misewu kufuna ufulu ndiponso kuti asilikali achilendo achoke. Anthu zikwizikwi adawatsatira, nagwetsa chipilala cha Stalin. A Imre Nagy adakhala nduna yaikulu, ndipo kumapeto kwa mweziwo Kadinala adamasulidwa. Pa 3 November adalankhula ku mtundu wonse pa wayilesi. Chimwemwe sichidakhalitse. M'bandakucha wa pa 4 November akasinja a Soviet Union adalowa mu Budapest. Anthu a ku Hungary pafupifupi 2,500 adafa, ena okwana 200,000 adathawira kunja, ndipo a Nagy adanyongedwa mu 1958.

Tsiku lomwelo Kadinala adathawira ku ofesi ya kazembe wa America mu Budapest momwemo. Adakhala m'menemo zaka 15 osatuluka, apolisi akudikira panja usana ndi usiku. Akadatha kupempha kuti apite kunja, koma sadafune kusiya dziko limene kudali nkhosa zawo.

Chimene chimandikhudza kwambiri ine ndi mayesero awo omaliza, pakuti sadachokere kwa adani. Papa Paul VI ankakambirana ndi boma la a János Kádár kuti Mpingo upezeko mpata wopumira ndiponso kuti madayosizi akhale ndi maepiskopi. Adapempha Kadinala kuti achoke m'dzikomo, ndipo iwo adamvera mu September 1971, nakakhala ku Vienna. Adakana kutula pansi udindo wawo, koma mu 1974 zidalengezedwa kuti Papa wawachotsa pa mpando wa Esztergom. Zidawapweteka kwambiri ndipo sadabise kuti sakugwirizana nazo, komabe sadapandukire Mpingo. Adapitiriza kuyendera anthu a kwawo obalalika m'maiko osiyanasiyana mpaka adamwalira pa 6 May 1975.

Adaikidwa ku Mariazell, m'dziko la Austria. Chikomyunizimu chitagwa, mu 1991 mafupa awo adawabweretsa ku Esztergom, ndipo mu 2019 Papa Francis adavomereza kuti adakhala moyo wa ungwazi pa chikhristu chawo.

Ife aseminale timadandaula ndi belu la m'mawa ndi ntchito ya kumunda. Ndikamawerenga mbiri iyi ndimadzifunsa ngati ndingathe kunena zoona pamaso pa olamula, ndiponso kumvera akuluakulu a Mpingo ngakhale pamene mtima ukuwawa. Makolo, potipempherera muzipemphanso kuti Mulungu atipatse mtima wolimba wotere.