Gertrude Caton-Thompson—Kodi Anapezanji Pansi pa Malinga a Zimbabwe?

PAFUPI ndi Masvingo, m'Zimbabwe, pali malinga akale amiyala yosanjikizidwa popanda dothi lomangira. Lalikulu koposa nlamamita pafupifupi 250 kuzungulira kwake, ndipo m'malo ena msinkhu wake umafika mamita 11. Kodi anawamanga ndani?

Mu 1871, Karl Mauch wa ku Germany anagwirizanitsa mabwinjawo ndi mfumukazi ya ku Seba. Ena anati kumeneko ndiko ku Ofiri, kumene kunachokera golidi wa Solomo. (1 Mafumu 9:28, 10:1) Atsamunda anakonda malingaliro ameneŵa, pakuti anachititsa kulanda kwawo dzikolo kuoneka ngati kungobwezeretsa ulamuliro wakale wa alendo.

Wofukula Wosamala

Gertrude Caton-Thompson anabadwira ku London mu 1888, ndipo anazoloŵera ntchito yofukula za m'mabwinja ku Igupto, kumene anagwira ntchito ndi Flinders Petrie. Mu 1929, bungwe la British Association for the Advancement of Science linamtumiza kukathetsa mkangano wonena za malingawo. Mmodzi wa omthandiza anali Kathleen Kenyon, amene pambuyo pake anafukula malinga a Yeriko.

Caton-Thompson anakumba kufikira pathanthwe, akumalemba mosamalitsa malo a chinthu chilichonse. Anapeza mapale a mbiya za eni dziko ndi mikanda yobwera ndi amalonda, koma sanapeze kanthu kalikonse ka m'nthaŵi ya Solomo.

Uthenga Wosakondweretsa

Mu August 1929, pamsonkhano wa bungwelo mu Johannesburg, iye analengeza kuti mzindawo unamangidwa ndi Aafirika, zaka mazana ambiri pambuyo pa Kristu. David Randall-MacIver anali atanena zofananazo mu 1905. Komabe, ambiri anaipidwa, ndipo Profesa Raymond Dart anamtsutsa mwaukali. Mkaziyo sanasinthe, ndipo mu 1931 anafalitsa umboni wake m'buku lakuti The Zimbabwe Culture.

Chitsutsocho chinapitirizabe kwa zaka zambiri. Mu 1970, wofukula wina, Peter Garlake, anachoka m'Rhodesia chifukwa chakuti boma linadana ndi mfundo imodzimodziyo. Koma mu 1980 dzikolo linapeza ufulu ndi kutenga dzina la malingawo. Caton-Thompson anali adakali moyo panthaŵiyo. Anamwalira mu 1985 ali ndi zaka 97.

Lerolino akatswiri amavomereza kuti makolo a Ashona ndiwo anamanga mzindawo, pakati pa zaka za zana la 11 ndi la 15 C.E. Kodi ife tikapeza umboni wotsutsa zimene anansi athu amakonda kumva, timaunena mosabisa monga momwe iye anachitira?