James Edson White, Wosindikiza Mabuku Pamadzi

Ife a m'mphepete mwa nyanja kuno ku Salima bwato timalidziwa ngati chida cha usodzi ndi ulendo. Koma m'mbiri ya mpingo wathu muli munthu amene anasandutsa sitima yapamadzi kukhala tchalitchi, sukulu ndi nyumba yosindikiziramo mabuku.

James Edson White anabadwa pa 28 Julayi 1849 ku Rocky Hill, m'dziko la America. Anali mwana wachiwiri wa James ndi Ellen White. Bambo ake ndiwo anayambitsa ntchito yosindikiza ya Review and Herald, ndipo iye anayamba kugwira ntchito kumeneko ku Battle Creek ali ndi zaka 15. Pambuyo pake anayendetsako Pacific Press ku Oakland, kenaka n'kutsegula kampani yakeyake yosindikiza mabuku.

Luso anali nalo, koma ndalama sizinkachedwa m'manja mwake. Pofika 1893 anali ku Chicago, ngongole zili tho, mtima utazirala pa za Mulungu. Analembera mayi ake, amene panthawiyo anali ku New Zealand, kuti za chipembedzo alibe nazo chidwi. Mayiwo anamuyankha pomufotokozera maloto amene anamuona akukokedwa ndi mafunde. Amene tinaonapo mwera utakwiya tikudziwa kulemera kwa chenjezo lotere. Edson anatembenuka mtima.

Atawerenga uthenga wa mayi ake wa mu 1891, wodzudzula mpingo chifukwa chonyalanyaza anthu akuda a kummwera kwa America, anaganiza zopita yekha. Mu 1894 iye ndi mnzake Will Palmer anakhoma sitima yotalika pafupifupi mamita 22, naitcha Morning Star. Ndalama zambiri zinachokera ku kabuku kake ka Gospel Primer, kophunzitsa kuwerenga pogwiritsa ntchito nkhani za m'Baibulo, kamene kankagulitsidwa masenti 25.

Pa 10 Januwale 1895 anakocheza ku Vicksburg pa mtsinje wa Mississippi, iye ndi mkazi wake Emma. Panali patangopita zaka 30 chithereni ukapolo. Ana ndi akulu omwe anabwera kudzaphunzira kuwerenga. Mu 1898 anayamba kusindikiza nyuzipepala ya Gospel Herald m'sitima momwemo. Azungu ena anaipidwa nazo. Okhulupirira ena anakwapulidwa, koma sukulu ndi matchalitchi zinapitirira kutsegulidwa. Makina ake atawasamutsira ku Nashville, ntchitoyo inabala Southern Publishing Association mu 1901.

Vuto la ndalama silinamuthere mpaka ukalamba. Anamwalira mu 1928 ku Otsego, Michigan, alibe chuma.

Ena mwa ife tili ndi makolo odziwika mumpingo, koma mitima yathu inatengedwa kale ndi mafunde. Ena tikulimbana ndi ngongole ya fizi. Edson sanadikire kuti zonse zilongosoke. Anatenga luso limene anaphunzira kwa bambo ake, n'kupita nalo kwa anthu amene mpingo unawaiwala.