Ferdinand Cohn, katswiri wa zomera amene anayamba kupatsa mabakiteriya mayina okhazikika

M'chaka cha 2021, akatswiri oona za mayina a tizilombo tosaoneka ndi maso anakhazikitsa mayina 42 a magulu akuluakulu a tizilomboti. Gulu limene madokotala ndi ophunzira anazolowera kulitcha Firmicutes linasanduka Bacillota, ndipo ambiri anadandaula kuti mabuku awo akalamba tsiku limodzi. Koma dzina latsopanolo ndi lakale kuposa limene linachotsedwa. Linachokera ku liwu lakuti Bacillus, limene linaperekedwa kwa mtundu wina wa mabakiteriya mu 1872 ndi Ferdinand Cohn, mphunzitsi wa zomera wa mumzinda wa Breslau.

Cohn anabadwa pa 24 Januwale 1828 m'banja la Chiyuda mumzindawo, umene pa nthawiyo unali m'dziko la Prussia ndipo lero ndi Wrocław wa ku Poland. Anali mwana wochangamuka pa maphunziro, ngakhale kuti makutu ake anayamba kuvuta ali ndi zaka pafupifupi khumi. Analowa yunivesite ya Breslau ali ndi zaka 16, koma malamulo a sukuluyo sankalola Myuda kulemba mayeso a digiri ya ukachenjede. Choncho mu 1846 anasamukira ku Berlin, kumene analandira digiriyo chaka chotsatira ali ndi zaka 19 zokha. Mmodzi mwa aphunzitsi ake kumeneko anali Christian Gottfried Ehrenberg, katswiri wotchuka wa tamoyo ting'onoting'ono.

Mu 1849 anabwerera kwawo, nayamba kuphunzitsa pa yunivesite yomwe ija imene inamukana. Bambo ake, amene anali wamalonda, anamugulira maikulosikopu yamphamvu, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 Cohn anaigwiritsa ntchito pofufuza ndere za m'madzi: momwe zimakulira, momwe zimaberekana, ndi momwe chamoyo chimodzi chimaonekera mosiyana pa misinkhu yosiyana ya moyo wake. Zaka za ndere zimenezi ndi zimene zinamuphunzitsa kudekha poyang'ana. Ulemu wa pa ntchito unachedwa kumupeza, pakuti anakhala pulofesa wokwana mu 1872, patapita zaka zoposa 20 akuphunzitsa.

Pofika nthawi imeneyo nkhani ya mabakiteriya inali pa chisokonezo. Akatswiri ena olemekezeka, monga Carl Nägeli wa ku Munich ndi dokotala wa maopaleshoni Theodor Billroth wa ku Vienna, ankakhulupirira kuti tizilomboti tilibe mitundu yokhazikika. Iwo ankaona kuti kozungulira kangasanduke kotalika, kowawasitsa mkaka kangasanduke kooletsa nyama, malinga ndi chakudya ndi malo. Maganizowa sanali opusa, chifukwa m'dontho limodzi la madzi oola munkaoneka maonekedwe osiyanasiyana lero ndi mawa. Koma akanakhala oona, ntchito yopima matenda ikanakhala yopanda maziko. Palibe akananena kuti nthenda yakuti imayamba ndi kachilombo kakuti ngati kachilomboko kakanatha kusanduka kena usiku umodzi.

Cohn anatsutsa zimenezi. M'kafukufuku amene anasindikiza mu 1872 anagawa mabakiteriya m'magulu anayi potengera maonekedwe: ozungulira, afupi ooneka ngati timitengo, aatali ngati ulusi, ndi opotana. M'magulumo anaikamo mitundu isanu ndi umodzi, yomwe ndi Micrococcus, Bacterium, Bacillus, Vibrio, Spirillum ndi Spirochaete. Kachilombo kamene mphunzitsi wake Ehrenberg anakatcha Vibrio subtilis iye anakasamutsa n'kukatcha Bacillus subtilis, dzina limene kakudziwika nalo mpaka lero. Chochititsa chidwi n'chakuti iye mwini anadziwa kuti maonekedwe okha sakwanira. Anazindikira kuti tizilombo tiwiri tozungulira mofanana tingakhale tosiyana kotheratu pa ntchito: kena kotulutsa utoto, kena kowiritsa zakudya, kena kodwalitsa. M'nyumba yake ya kafukufuku, imene anaikhazikitsa mu 1866, mnzake Joseph Schroeter ankalera mabakiteriya autoto pa zidutswa za mbatatesi yophika, ndipo mtundu uliwonse unkasunga utoto wake.

Vuto lina linali madzi a udzu wouma. Akawiritsidwa, n'kutsekeredwa bwino, ankadzalabe ndi tizilombo patapita masiku, ndipo anthu okhulupirira kuti moyo ungangobuka wokha kuchokera ku zinthu zakufa ankaloza pamenepo. Mu 1876 Cohn anaonetsa kuti Bacillus subtilis amapanga mkati mwake kanjere kolimba kamene madzi owira sangakaphe msanga, ndipo kanjereko kamadzuka n'kukhalanso bakiteriya zinthu zikakhala bwino. Ndi chifukwa chake lero zipangizo za opaleshoni zimaphikidwa m'makina a nthunzi yotentha kuposa madzi owira.

Chaka chomwecho analandira kalata kuchokera kwa dokotala wa m'dera la Wollstein, munthu wosadziwika dzina lake Robert Koch, amene ankafufuza matenda a anthrax m'chipinda cha nyumba yake. Pulofesa wotchuka akanatha kunyalanyaza kalata yotere. Cohn anamuitana, ndipo Koch anafika ku Breslau kumapeto kwa Epulo 1876 ndi zipangizo zake. Kwa masiku angapo anaonetsa moyo wonse wa kachilombo ka anthrax, kuphatikizapo njere zake, zofanana ndi zimene Cohn anali atangoziona m'madzi a udzu. Cohn anaitana anzake a ku sukulu ya zamankhwala kuti adzaone, kenako anasindikiza ntchito ya Koch m'magazini yake ya sayansi. Kutchuka kwa Koch kunayambira pamenepo, ndipo m'kupita kwa nthawi kunaphimba dzina la amene anamutsegulira khomo.

Cohn anapatsidwa mendulo ya Leeuwenhoek mu 1885 ndi ya Linnean Society ya ku London mu 1895. Anamwalira ku Breslau pa 25 Juni 1898.

Magulu ake anayi aja sanakhalitse. Mu 1977 Carl Woese ndi George Fox a pa yunivesite ya Illinois anasiya kuyang'ana maonekedwe n'kuyerekeza kachigawo kena ka RNA kopezeka m'tizilombo tonse. Anapeza kuti tizilombo totulutsa mpweya wa methane, ngakhale timaoneka ngati mabakiteriya pa maikulosikopu, tili pa nthambi ina ya moyo, imene lero ikutchedwa archaea. Maikulosikopu ya Cohn sikanatha kuona kusiyana kumeneku. Masiku ano akatswiri amawerenga DNA yonse ya kachilombo, ngakhale kamene sanakalerepo m'mbale, kuchokera m'dothi, m'matope a pansi pa nyanja kapena m'matumbo a munthu. Nkhokwe ya Genome Taxonomy Database, yoyendetsedwa ku yunivesite ya Queensland ku Australia, yakhala ikusanja mitundu mwa njira imeneyi kuyambira mu 2018, ndipo mu 2022 kunabwera malamulo a SeqCode olola kupereka dzina potengera DNA yokha. Akatswiri sanagwirizanebe onse pa malamulo amenewa.

Komabe ntchito yonseyi yaima pa mfundo imene Cohn anaimenyera nkhondo, yakuti mabakiteriya ali ndi mitundu yokhazikika imene ingasiyanitsidwe ndi kutchulidwa mayina. Ganizo lake lina, lakuti mabakiteriya ndi apachibale ndi ndere zobiriwira modera, DNA inalitsimikiza, moti nderezo lero zimawerengedwa ngati mabakiteriya ndipo zimatchedwa cyanobacteria. Mtundu wake wa Bacillus nawo unakula mopitirira muyeso, chifukwa kwa zaka zambiri kachilombo kotalika kopanga njere kankangoponyedwa m'menemo. Mu 2020 ambiri anachotsedwa n'kupatsidwa mayina ena, monga Bacillus megaterium amene anakhala Priestia megaterium. Bacillus subtilis wa m'madzi a udzu uja ndi Bacillus anthracis wa Koch anatsala pamalo pawo.