MBIRI YA IMMANUEL KANT, MWANA WA MMISIRI WA ZIKOPA

Inu abale a m'migodi ndi m'mapulazi, lero tikuuzani mbiri ya munthu wina wa ku Ulaya amene sanayende kutali ndi kwao, koma nzeru zace zinafika ku nyenyezi.

Immanuel Kant anabadwa pa 22 April 1724 m'mzinda wa Königsberg, m'dziko la Prussia. Mzindawo lero uli m'manja mwa Russia, ndipo uchedwa Kaliningrad. Atate wace anali mmisiri wosoka zingwe zacikopa za akavalo, munthu wosalemera. Amace anamwalira iye ali ndi zaka 13. Analowa sukulu yaikuru ya Yunivesite mu 1740, koma atamwalira atate wace mu 1746 ndalama zinasowa, napita iye kumidzi kukaphunzitsa ana a eni cuma kuti apeze cakudya.

M'caka ca 1755 analemba buku la ciyambi ca zakumwamba. Iye anati kale lomwe kunalibe dzuwa ngakhale mwezi, koma fumbi lokha lomwazika ponseponse ngati nkhungu. Tsono mphamvu ija igwetsa mwala pansi, imene Isaac Newton anaifotokoza, inakokera fumbilo pamodzi. Linayamba kuzungulira ndi kuphwatalala ngati mbale. Pakati pace panaundana dzuwa, ndipo zotsala zinasanduka maiko olizungulira, limodzi la iwo ndilo lathu lino. Anatinso timitambo toyera tooneka kutali m'thambo ndi milalang'amba yina, yonga Mlalang'amba umene tiuona usiku wopanda mwezi. Mulungu sanamkane iai. Anati dongosolo lotere licitira umboni Mlengi.

Tsoka ilo, wosindikiza bukulo anagwa m'ngongole, ndipo oliwerenga anali owerengeka. Koma mau a akuru akoma akagonera. Mu 1924 Edwin Hubble wa ku America anatsimikiza ndi galasi lalikuru loonera nyenyezi kuti kamtambo kochedwa Andromeda ndi mlalang'amba wina ndithu. Akatswiri a lero abvomerezanso kuti dzuwa ndi dziko zinaumbika kucokera m'mtambo wa fumbi ndi mpweya zaka ngati mamiliyoni 4,600 zapitazo.

Mu 1770 Kant anakhala mphunzitsi wamkuru pa Yunivesite ya kwao, ndipo anatha zaka 11 alikusinkhasinkha funso limodzi: kodi nzeru ya munthu ilekeza pati? Yankho lace linaturuka mu 1781 m'buku lochedwa Kritik der reinen Vernunft. Monga madzi atsata maumbidwe a mtsuko, momwemonso zonse zimene maso ndi makutu atibweretsera zitsanulidwa m'mitsuko iwiri ya m'mutu mwathu, ndiyo nthawi ndi malo. Cifukwa cace tidziwa zinthu monga zitionekera ife, si monga ziri pa zokha. Ukati zonse zinali ndi tsiku loyamba, mnzako afunsa cimene cinalipo tsikulo lisanadze. Ukati zinalibe ciyambi, afunsa kuti zaka zosatha zinatha bwanji kuti tifike lero. Mlandu umenewo, anatero Kant, nzeru yokha siingauweruze.

Koma za makhalidwe sanakayike konse. Mu 1785 anaphunzitsa kuti usacite kanthu kamene sungafune kuti kakhale lamulo la anthu onse. Anaphunzitsanso kuti munthu si khasu kapena fosholo. Cipangizo ciri ndi mtengo, cikatha ugula cina. Munthu ali ndi ulemu wosagulika. Kulemba mnzako nchito si kulakwa, koma kumuyesa cipangizo cabe ndiko kulakwa.

Sitibisa kuti mwini waceyo anapunthwa pa lamulo lace. Analemba mau onyoza anthu akuda, ngakhale sanapondepo mu Africa, angokhulupira nkhani za apaulendo. Atakalamba, mu 1795, anadzudzula maiko a ku Ulaya polanda maiko a eni ndi kuzunza akapolo. Komabe mau onyoza aja alipobe m'mabuku ace.

Anamwalira pa 12 February 1804, wosakwatira, ali ndi zaka 79. Cipongwe cace ticikane, koma lamulo lace tiligwiritse, pakuti liweruza iye amene, liweruza bwana, liweruzanso inu ndi ine pa macitidwe athu ndi anzathu m'komponi.